Mkazi Amene Anaika Mwamuna Wake pa Ayezi

1

Mwana wanga sanditchanso amayi. Akakakamizika kundiyankhula amangoti "inu," maso ali kwina. Amakhulupirira kuti ndine ndinapha bambo ake. Agogo ake amatero, azakhali ake amatero, ngakhale amayi ena a kutchalitchi amene sanapondeko n'komwe kuchipatalako amatero. Nkhani yake ndi yakuti ndinalola madokotala kugoneka amuna anga pa ayezi akadali moyo.

Zoti ndinalola n'zoona. Zinazo khalani pansi mumve.

Ine ndimagwira ntchito pa butchala, ndipo ndinayamba kalekale. M'mawa ndimalowa m'chipinda chozizira kukatsitsa nyama, masana ndili pa sikelo, madzulo ndikutsuka mipeni. Manja anga ndi okhakhala, ndipo pakamwa panga, ndivomere, mpokhakhalanso. Munthu akandiponda sindidikira mawa. Amuna anga ankati anakwatira lumo, koma ankanena akuseka, chifukwa iwo kukangana sankakudziwa. Ntchito yawo inali yokhoma madenga, moti aliyense ankangowatcha a Malata.

Tinali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi. Bambo ake anamutcha Kapitawo chifukwa kuyambira ali wamng'ono ankaima pakhomo m'mawa n'kumawafunsa ngati atenga chipewa cha pantchito, ngati lamba ali m'chikwama, ngati adya. Awiriwo sankasiyana. Ine ndinali wa chikwapu, iwo a maswiti.

Kapitawo anali ndi zaka khumi ndi zisanu pamene bambo ake anakwera denga la nyumba yosanja malata akadali ndi mame. Anzawo akuti sanakuwe. Anangomva nsapato ikukwekwereza, kenako munthu ali pansi pa simenti.

2

Ndinawapeza m'chipinda cha odwala mwakayakaya, mutu atawameta mbali imodzi, paipi ili m'kamwa, makina akuwapumira. Pamutu panatuluka kawaya kopita ku kabokosi kolemba manambala. Anesi aakulu a m'chipindamo, mayi wonenepa wosaseka ndi munthu, anandiuza kuti nambalayo ikuonetsa mmene ubongo wapanikizikira m'chigaza, ndipo ikakwera ndiye kuti zinthu zikuipa.

Inkangokwera. Anawapatsa mankhwala awa, kenako awa, nambala n'kutsika pang'ono n'kubwereranso. Patapita masiku angapo adokotala anandiitanira m'kachipinda kokhala ndi mipando itatu ndi sinki yodontha. Anali bambo wowonda, wa maso otopa, wolankhula ngati mawu akuchita kugula.

Anandifotokozera kuti ubongo watupa, koma chigaza si chikwama choti n'kutambasuka. Anati chatsala ndi kuziziritsa thupi lonse kuti litsike pang'ono kuchoka pa kutentha kwake kwa masiku onse, chifukwa ubongo wozizira sufuna magazi ndi mpweya wambiri, ndipo kutupako nthawi zina kumabwerera. Adzawagoneka pa bulangete lapadera lodutsa madzi ozizira m'kati, mapaketi a ayezi m'khwapa ndi m'mphechepeche, n'kuwapatsa mankhwala oti asanjenjemere komanso asamve kanthu.

"Sindikulonjezani, mayi," anatero. "Ena zimawathandiza, ena ayi, ndipo zili ndi zoopsa zake. Koma chinthu chimodzi muchimve bwino. Tikayamba, kuwabwezera kutentha ndi ntchito yathu, ndipo timachita pang'onopang'ono kwambiri. Akafunda mwadzidzidzi, ubongo umatupanso kuposa poyamba."

Ndinawafunsa kuti akanakhala mchimwene wawo akanatani. Anati akanayesa. Ndiye ndinavomera pomwepo, osatuluka kukafunsa wina aliyense. Ine kuzizira sindikuopa, ndimakhala nako tsiku lililonse, ndipo ndimadziwa kuti kumasunga zinthu.

3

Apongozi anga anafika masana ake ndi mlamu wanga, mng'ono wawo wa amuna anga, woyendetsa malole. Ine ndi apongozi sitinamwerane madzi chiyambire. Iwo ankafuna mpongozi wogwada polankhula, osati wonunkha nyama, ndipo ankandikumbutsa kawirikawiri kuti mwana mmodzi si banja.

M'chipindamo ankalola munthu mmodzi pa nthawi. Apongozi analowa, ine ndikuwaona pagalasi la chitseko. Anagwira phazi la mwana wawo, n'kubweza dzanja msangamsanga. Anagwira mkono, kenako tsaya. Atatuluka nkhope inali itasintha.

"Mwana wanga mwamuika m'motchale akupuma?"

Ndinayesa kufotokoza za kutupa, za chigaza, za nambala ija. Sanafune kumva. Anati iwo abereka ana asanu ndi awiri, ndipo palibe tsiku limene anamva kuti wodwala amachira ndi kuzizira. Wodwala amafunditsidwa, amamwetsedwa zotentha, amasisitidwa mapazi. Anesi aakulu anatuluka n'kuwauza mosabisa kuti aliyense wolowa asakhudze bulangete kapena makina. Apongozi anangogwedeza mutu, koma anesi atatembenuka anati anthu a m'chipatala amaphunzirira ntchito pa anthu osauka.

Mlamu wanga ndiye anathira mchere pachilonda. Ananena mokweza, anthu a pamabenchi onse akumva, kuti n'zosadabwitsa, alamu anazolowera kusunga nyama mufiriji, ndiye akuona ngati achimwene ndi mwendo wa ng'ombe.

Ndinamulalatira, sindikana. Ndinamukumbutsa zonse zimene achimwene akewo anamuchitira, ndi zina zosayenera kunenedwa m'chipatala, mpaka mlonda anabwera. Nthawi yonseyi Kapitawo anali pa benchi, wavala yunifolomu, chikwama chili pamiyendo, akuyang'ana uyu n'kuyang'ana uyu. Phokoso litatha anandikoka malaya n'kundifunsa chapansipansi ngati adadi akumva kuzizira.

Mtima unali ukadali m'mwamba. Ndinamuuza kuti akhale chete, izi n'za akuluakulu, asamandifunse mafunso opusa. Anakhaladi chete.

Kuyambira tsiku limenelo apongozi ankabwera ndi fulasiki yaikulu ya madzi otentha a tiyi ndi bulangete lawo la ubweya, n'kukhala pa benchi akulira kuti mwana wawo akuzizidwa ndipo palibe womumvera chisoni. Kapitawo akaweruka kusukulu ankakhala pambali pawo. Anesi ankamulola kulowa kamphindi kochepa, chifukwa aliyense ankaona kuti mwina nthawi yotsanzikana ili pafupi.

4

Koma nambala ija inayamba kutsika. Inatsika n'kukhazikika. Adokotala, amene ndinali ndisanawaonepo mano, anamwetulira pang'ono n'kunena kuti zikapitirira chonchi, ayamba kuwabwezera kutentha mwa njira yawo ija. Ndinamva ngati anditula mtolo. Tulo ta masiku onse aja tinandigwera nthawi imodzi, ndipo masana amenewo ndinatuluka panja n'kukagona pa kapinga pansi pa mtengo, nsapato zili kumutu. Apongozi ndinawasiya pa benchi, fulasiki ili pamapazi.

Chinandidzutsa ndi mlonda, akuti akundifuna m'kati. Dzuwa linali litapendeka. M'khonde munali chipwirikiti, magazi pansi, mabedi akukankhidwa uku ndi uku, chifukwa basi inali itagubuduzika ndipo anesi onse anathamangira ovulalawo. Pa benchi pathu panalibe munthu. Apongozi anali atapita kunyumba ndi mdzukulu wawo.

Anesi aakulu anandikokera ku bedi la amuna anga. Katani inali yotseka. Kabokosi ka manambala kankalira, ndipo adokotala anali atawerama akuwalitsa tochi m'maso mwa wodwala. Makina a madzi ozizira anali atangoyatsidwanso, chifukwa wina anawazimitsa pakhoma. Bulangete lozizira linapezeka litakankhidwira kumbali, mapaketi a ayezi ataunjikidwa bwinobwino m'sinki. M'malo mwake, m'khwapa, m'mbali ndi kumapazi munali mabotolo a pulasitiki a madzi otentha, okutidwa bwino kuti asaotche khungu, ndipo pachifuwa anawafunditsa chovala. Zonsezo anesi anali ataziponya m'beseni.

"Wachita izi ndani?" anandifunsa anesi aakulu.

Ndinayang'ana m'beseni muja. Ndinayang'ananso.

"Ndine," ndinatero.

Anesi anandiyang'ana ngati andimenya mbama. Anati inu amene tinakufotokozerani, inu amene munakangana ndi abale anu chifukwa cha zomwezi? Ndinati ndinawagwira mkono, ndinamva chisoni, mutu unandisokonekera. Bodza limenelo linatuluka losalala moti ndinadzidabwa.

Ndinapempha adokotala chinthu chimodzi, kuti asauze abale a amuna anga. Anavomera. Anati sanganene motsimikiza kuti ndi chimenechi chokha, chifukwa kuvulalako kunali kwakukulu kuyambira pachiyambi. Kenako anawonjezera mawu amene sindidzawaiwala: "Koma tinali titayamba kupambana."

Beseni lija ndinakhuthulira m'jumbo n'kukataya ku dzala la kuseri kwa chipatala.

5

Anawaziziritsanso, anawonjezera mankhwala, koma nambala sinamvenso. Ine anandiletsa kulowa ndekha. Ndinkaima pagalasi ngati mlendo, kapena kulowa ndi nesi ali pambali panga akuyang'ana manja anga. Amuna anga anamwalira m'mawa wina dzuwa likuwala bwinobwino, ine ndili kunja kwa chitseko. Sindinawagwire dzanja.

Pamaliro ndinamva zonse. Akuti ndinagwirizana ndi madokotala. Akuti ndinali ndi chibwenzi ku butchala. Akuti munthu anafika kumotchale ali wouma kale. Apongozi analira akutchula ntchito yanga, ndipo azimayi ankasuntha ndikakhala pafupi nawo. Ine uja wosaugwira mtima, wosadikira mawa, ndinangoti duu. Mkulu wanga anandigwedeza paphewa n'kundifunsa kuti pakamwa paja papita kuti, bwanji sukudziteteza? Ndinamuuza kuti ndatopa.

Ndikudziwa zimene mukuganiza. Mukuti ndinkateteza apongozi, kuti mayi wokalamba asafe ndi chisoni. Ine? Simundidziwa. Akanakhala iwo, ndikanawagwira dzanja n'kuwaimika pamaso pa adokotala, ndikanaitana mlamu wanga wa mwendo wa ng'ombe uja kuti amve ndi makutu ake, ndipo pamaliro ndikanalengeza ndekha popanda chokuzira mawu. Ndilibe mtima wabwino chotero.

6

Mabotolo aja anali okutidwa ndi masokosi oyera a sukulu. Chovala cha pachifuwa chinali juzi ya yunifolomu, ya chigamba pa chigongono chakumanja, chimene ndinasoka ndekha ndi ulusi wosafanana mtundu chifukwa wina unali utatha.

Maliro atatha, Kapitawo anayamba kulongedza zovala zake. Anati akupita kukakhala ndi agogo. Ndinaima pakhomo la chipinda chake ndikumuona akupinda madiresi, ndipo ndinamufunsa, ngati sindikudziwa, kuti juzi yake ili kuti.

Anatembenuka n'kundiyang'ana m'maso. Munali misozi, koma munalinso kunyada.

"Ndinawafunditsa adadi. Nonse munkangoyang'ana. Agogo ankangolira, inu munkangolalata. Ndinadikira agogo atasinza, ndinatenga madzi m'fulasiki. Ndinawachotsa ayezi wanu uja." Anapukuta mphuno ndi dzanja. "Nditawagwira ndisanatuluke, manja awo anali atayamba kufunda. Ndi chinthu chokhacho chimene ndinakwanitsa kuwachitira. Kenako munabwera n'kuwabwezeranso."

Mawu anali pakhosi panga, athunthu, okonzeka. Ndinangofunika kutsegula pakamwa, ndipo dzina langa likanayera tsiku lomwelo. Koma patsogolo panga panaima mwana wa zaka khumi ndi zisanu amene bambo ake anali atangoikidwa m'manda, ndipo chimene chinkamuimiritsa ndi miyendo iwiri chinali chakuti anawachitira chifundo. Ndikanamulanda chimenecho, sindikudziwa ngati akanafika mawa lake. Komanso ndani anamuuza kuti akhale chete pamene anafunsa? Akanakhala kuti anayankhidwa tsiku lija pa benchi, mawu atatu okha, akanalondera makina aja kuposa mlonda. Si pachabe ankatchedwa Kapitawo.

Ndiye ndinamuthandiza kutseka chikwama. Ndinamuuza kuti asaiwale mswachi.

7

Papita zaka. Kapitawo ankabwera pa Khirisimasi mokakamizidwa, kudya, kutsuka mbale yake yokha n'kumapita. Ine ndinazolowera, monga munthu amazolowera dzino lobooka, kutafunira mbali ina. Ndinkadziuza kuti bola adane nane ali moyo.

Sabata yatha anafika ku butchala. Ndinali ndikudula nthiti, nditakweza maso n'kuona mtsikana wamtali ataima kuseri kwa sikelo, chipumi cha bambo ake chenicheni. Sanapereke moni wautali. Anati wabwera kudzandidziwitsa kuti wasankhidwa kukaphunzira unamwino, ndipo akufuna sutikesi imene bambo ake anasiya kuti anyamulire katundu.

Ndinaika mpeni pansi. Ndinamuyamikira, ndipo kunyada ndinanyadadi, chifukwa mwanayo mutu ali nawo. Kenako ndinamufunsa chifukwa chake wasankha ntchito imeneyo.

"Kuti wina asadzagonekedwe pa ayezi ngati adadi, anthu akungoyang'ana," anatero.

Atapita ndinalowa m'chipinda chozizira n'kutseka chitseko, ndipo ndinalira pakati pa nyama mpaka abwana anagogoda.

Anesi aakulu aja anapuma ntchito, ndipo amagula nyama kwa ife. Kwa zaka zonsezi amandipatsa moni wa mano okha, chifukwa kwa iwo ndine mkazi wopusa amene anawononga ntchito yawo. Dzana ndinalimba mtima n'kuwafunsa ngati kusukulu ya unamwino amaphunzitsa za kuziziritsa ovulala mutu. Anati amaphunzitsa, akafika pa za odwala mwakayakaya. Ndinafunsa ngati amanenanso zimene zimachitika munthu akafunda mwadzidzidzi. Anandiyang'ana modabwa n'kunena kuti chimenecho ndiye choyamba, amachibwereza mpaka wophunzira alote nacho.

8

Owerenga anzanga, makamaka inu azimayi okhala ndi ana, ine ndinkaganiza kuti bodza langa ndi nyumba yoti mwana wanga adzakhalamo mpaka kukalamba. Ndinalipira mtengo wake mosadandaula. Ndinalola kutchedwa mfiti, ndinalola mwamuna wanga afe ndili kunja kwa chitseko, ndinalola mwana amene ndinamubereka ndekha anditche "inu." Tsopano ndaona kuti sindinamupulumutse. Ndinangomusungira tsikulo, ndipo likubwera lokha.

Adzakhala m'kalasi, cholembera chili m'manja, pakati pa anzake amene sadziwa kanthu. Mphunzitsi adzanena mawu aja mopepuka, akuganiza za nkhomaliro, n'kupitiriza phunziro. Mwana wanga ndi wanzeru, sadzafunika kuuzidwa kawiri. Adzakumbukira manja aja akuyamba kufunda. Ndipo akadzatuluka m'kalasimo, adzaimbira ndani? Agogo ake amene ankalira pa benchi kuti palibe wachisoni? Kapena mayi amene wakhala akumutcha wakupha kwa zaka zonsezi, amene tsopano sangathe n'komwe kumuyang'ana m'maso?

Mwana akakufunsani funso m'chipatala, muyankheni, ngakhale mutatopa bwanji, ngakhale mutapsa mtima ndi apongozi. Ana amamva zonse zimene timanena pamabenchi, ndipo chimene sitinawafotokozere amakachita okha, ndi mtima wonse.

Ine ndasankha. Nkhani imeneyi sadzaimva kwa mlendo. Adzaimva kwa ine, m'nyumba mwathu, chitseko chotseka, pamalo poti akagwa ndimugwire. Ndidzamuuza zimene adokotala ananena, kuti kuvulalako kunali kwakukulu ndipo palibe angatsimikize. Ndidzamuuzanso kuti funso lake linali labwino, wolakwa ndi amene sanaliyankhe. Mwina adzandida kuposa kale chifukwa chomubisira. Mwina sadzapitanso kusukuluko. Sindikufuna kuti andipepese, ndipo za dzina langa ndinasiya kale kuzilabadira. Ndikuopa, ndipo sindinaopepo chonchi chibadwire.

Akubwera Loweruka m'mawa kudzatenga sutikesi. Ndamuuza kuti abwere yekha. Iye akuganiza kuti akhala mphindi zisanu.